Gogodela ya kasitomala ikumwaza zipolopolo: vuto ndi sabot kapena chiyani?

Wapakauntala, South Bend:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kushopu ya zosakira komwe ndimagwira ntchito kwabwera kasitomala ndi mfuti ya gogodela yamakono, ya .50 (mkati mwa mpope ndi theka la inchi), twist yake 1:28 (mizere ya mumpope imazungulira kamodzi pa mainchesi 28). Akukonzekera nyengo yosaka agwape ndi gogodela mu Disembala kuno ku Indiana. Ndapita naye ku range, bwalo loyeserako kuwombera, kawiri. Pa mayadi 100, chipolopolo choyamba ndi chachiwiri zikugwera pamodzi, koma kuyambira chachitatu zikungoti balala, china m'mwamba china kumanzere, kutalikirana mpaka mainchesi 8. Scope, galasi lolozera, ndinamanga ndekha, palibe chogwedera. Akuika mapeleti (onga woumbidwa) atatu a magireni 50 (magireni ndi muyeso wa onga ndi zipolopolo), chipolopolo cha magireni 250, ndi ma sabot (timakapu ta pulasitiki tokutira chipolopolo kuti chigwire mpope) omwe anabwera m'paketi momwemo. Abwana akuti ndingomugulitsa zipolopolo zina zodula, koma mtima wanga ukukana.

Mkulu wa pa range, Michigan:
Achimwene, musanamugulitse kanthu, munatola ma sabot owomberedwa aja? Amagwa chapafupi, mayadi 10 kapena 15 kutsogolo kwa benchi. Range ikaimitsidwa pitani mukawatole, ndiwo mboni. Sabot yomwe yagwira bwino ntchito imatambasula timapiko take mofanana, mizere ya mumpope imadindika bwino m'mbali mwake, ndipo kakapu ka pansi kamakhala kathunthu. Mukapeza kakapu kong'ambika kapena kosungunuka, dziwani kuti moto wa onga ukudutsa m'mbali. Funso lina: potsindira, ndodo ikulowa movutirapo kapena ikungotsetsereka?

Wapakauntala, South Bend:
Ikungotsetsereka, bambo. Mwiniwake ndiye akukondwa nazo, akuti amatsindira ndi zala ziwiri. Kutola ma sabot sindinaganizeko.

Mkulu wa pa range, Michigan:
Ndiye pamenepo. Mipope yonse amailemba .50, koma mkati simufanana. Imasiyana pang'ono kwambiri, mwina 0.002 kapena 0.003 ya inchi, ndipo kwa pulasitiki kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Sabot ya m'paketi sinapangidwire mpope wa kasitomala wanuyo. N'chifukwa chake a kampani ya MMP amapanga za makulidwe osiyana za chipolopolo chomwecho cha .452 ya inchi: HPH-12 ndiyo yonenepa, HPH-24 yocheperako, ya timapiko titatu ndiyo yolowa mosavuta. A kampani ya Harvester ali ndi Crush Rib, yokhala ndi timizere m'mbali tomwe timaphwanyika polowa kenaka n'kugwira mpope. Paketi ya ma sabot okha ndi yotchipa kusiyana ndi bokosi la zipolopolo. Mugulitseni mitundu iwiri kapena itatu, chipolopolo chikhale chomwecho. Yoyenera ndi yomwe imafuna manja awiri ndi kutsamira pang'ono, koma ikuyenda mofanana mpaka pansi. Ikafuna kugogoda ndiye kuti yathina mopitirira.

Agogo anga ku Kasungu ankakulunga chipolopolo m'kasanza asanatsindire. Ntchito yake ndi yomweyi, kungoti sanza yasanduka pulasitiki.

Wokonza mfuti, Ohio:
Ndikugwirizana ndi akuluwa, koma taonani bwino zomwe mwalemba. Ziwiri zoyamba zili bwino, chachitatu n'chomwe chikuthawa. Sabot yokhwepa imamwaza kuyambira pachiyambi. Izi zikundionekera ngati kutentha. Magireni 150 ndi moto wambiri, ndipo mukawombera motsatizana dzuwa lili phwee, mpope umatentha, pulasitiki n'kufewa isanawomberedwe n'komwe. Ikafewa siigwira mizere, chipolopolo sichizungulira mokwanira. Dikirani mphindi 10 kapena kuposa pakati pa kuwombera, ma sabot akhale pamthunzi. Tsitsaninso onga ufike pa magireni 100. Gwape pa mayadi 100 sadziwa kusiyana kwa mapeleti awiri ndi atatu, phewa la mlenje ndi lomwe limadziwa.

Komanso mukupukuta mumpope? Mapeleti ambiri amasiya chikhakha cholimba pafupi ndi breech plug, chitsekerero cha kumbuyo kwa mpope. Chipolopolo chachitatu chimaima pachikhakhacho, munthu n'kumayesa chafika. Mpata pakati pa onga ndi chipolopolo si nkhani ya kuphonya chabe, ungathe kutupitsa kapena kuphulitsa mpope. Atsindire koyamba mumpope woyera, alembe chizindikiro pandodo, ndipo nthawi zonse aziona ngati chafika pakamwa pa mfuti.

Mayi wa ku sitolo, Elkhart:
Onaninso ngati sanasakanize katundu. Chaka chatha wina anabwera kwathu atathira zipolopolo za .430 ndi za .452 m'chitini chimodzi. Cha .430 mu sabot ya .452 chimangogwedera. Za .430 zili ndi sabot yakeyake ya timapiko tonenepa, kawirikawiri yobiriwira. Ndipo chipolopolo chosongoka kumbuyo, cha boat tail ngati Barnes TMZ, chimafuna sabot yake, osati ya pansi pafulati.

Woperekeza alenje, Colorado:
Mukamaliza mumufunse ngati ali ndi maganizo odzasaka kuno. Ku Colorado sabot n'njoletsedwa m'nyengo ya gogodela, ndiye asadzanyamuke ndi zomwe mwamukonzerazo. Ine pa nkhani yothina ndimakayikako pang'ono. Pa benchi zimakoma, koma mu Disembala zala zitauma ndi chisanu, gwape wavulala akulowa m'tchire, sabot yothina imakutukwanitsa.

Mkulu wa pa range, Michigan:
Zoona, koma chipolopolo choyamba chikagwa pomwe walozera, chachiwiri sumachithamangira. Asankhe yomwe angaitsindire ataimirira atavala magolovesi, osati yothinitsitsa.

Wapakauntala, South Bend:
Ndabwera ndi lipoti. Loweruka tinalawirira kusanatenthe. Poyamba tinawombera monga kale kuti nditole ma sabot: awiri oyamba anali abwinoko ngakhale mizere sinadindike kwenikweni, achitatu ndi achinayi kakapu kanali kong'ambika mbali imodzi. Ndiye nonse awiri, a ku Michigan ndi a ku Ohio, munalasa. Tinatsitsa n'kufika pa mapeleti awiri, kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono kenaka kouma tikangowombera, n'kumadikira. HPH-12 inathina kwambiri mumpope umenewu. HPH-24 inaika zitatu mkati mwa mainchesi awiri, Crush Rib yakuda chimodzimodzi koma ikulowa mofewerapo, ndiye watenga imeneyo poganizira za chisanu zomwe anena a ku Colorado. Zipolopolo ndi zake zomwe zija.

Chatsala chimodzi: ndodo yake ikuphwanya kansonga ka pulasitiki ka chipolopolo potsindira.

Wokonza mfuti, Ohio:
Mugulitseni jag (kachitsulo komanga kunsonga kwa ndodo) yokumbika mkati, ya zipolopolo zosongoka, kuti izikankha m'mapewa osati pansonga. Akaimanga, ndodo italikirako, ndiye chizindikiro chija alembenso. Ndipo abwererenso ku range kukazizira, aone pomwe chipolopolo choyamba cha mumpope wozizira chikugwera, poti kutchire adzawombera chimenecho.