Chiwawu chagwira matimati anga: mitengo yodwalayi ndiitaye bwanji?

Mayi wa ku Dedza:
Kuseri kwa nyumba ndili ndi mitengo 40 ya matimati a Tengeru 97, ndipo inali itayamba kubereka bwino pamene kunagwa mvumbi wa masiku anayi. Tsopano masamba akuda ngati awauka ndi moto, m'mawa kunsi kwake kukumaoneka zoyera ngati nguwi, ndipo zipatso zina zachita zigamba zofiirira zolimba. Kodi yotsalayo ndingaipulumutse, nanga yakufayo ndiiponye pa mulu wa manyowa?

Mlimi wa ku Ntcheu:
Pepani amayi, chimenecho ndi chiwawu chija chomwe chimaononganso mbatatesi, ndipo kukakhala chinyezi ndi kuzizira ngati kwathu kuno chimatha dimba lonse m'sabata imodzi kapena ziwiri. Mitengo yomwe yadwala mpaka tsinde izuleni lero lomwe, koma dikirani mame aume, chifukwa masamba onyowa ndiwo amafalitsa matendawa. Muziilowetsa m'thumba pomwe mwaizulapo, osaikoka kudutsa pakati pa mitengo yabwinobwino. Pa manyowa musaiponye ayi, popeza milu yathu yapakhomo kawirikawiri sitentha mokwanira, ndipo mphepo imanyamulabe matendawa kuchokera pamuluwo. Ikwirireni m'dzenje lakuya kutali ndi dimba, kapena itentheni ngati yauma, kenako musambe m'manja ndi kutsuka mpeni ndi sopo.

Yotsalayo ichotseni masamba a m'munsi, imangirireni ku timitengo kuti mpweya uzidutsa, ndipo muipopere Dithane M-45 kapena mankhwala a kopa. Dziwani kuti mankhwalawa amateteza tsamba lomwe lisanadwale, sachiritsa lomwe lawauka kale. Ine ndinachedwa nawo chaka china, ndipo sindinakolole ngakhale dengu limodzi.

Bambo wa ku Zomba:
Ndikugwirizana nawo abambowa, koma ndiwonjezere za zipatso. Zobiriwira zomwe zilibe banga zithyoleni zikapsere m'nyumba, ndipo muziziona tsiku lililonse, chifukwa zina zimaonetsa matendawa patapita masiku. Mukapopera mankhwala, tsatirani masiku odikira omwe alembedwa pa paketi musanathyole zodya.

Mayi wa ku Dedza:
Zikomo kwambiri abambo nonse. Pafupi pomwepa pamera mbatatesi zotsalira za chaka chatha, ndipo nazonso masamba ake ada. Kodi zingakhale kuti matendawa achokera kumeneko?

Mlimi wa ku Ntcheu:
N'zotheka ndithu, chifukwa chiwawu chamtunduwu chimabisala mu mbatatesi zotsalira m'nthaka n'kudzuka nazo zikamamera. Zikumbeni zonse, ngakhale zing'onozing'ono, muzikwirire pamodzi ndi matimatiwo. Pamalopo musabzalepo matimati, mbatatesi, mabilinganya kapena tsabola kwa zaka zitatu, popeza zonsezi ndi za banja limodzi, koma mubzalepo chimanga, nyemba kapena mpiru. Pothirira mitengo yotsalayo, muzithira madzi patsinde m'mawa, osati pamasamba madzulo.