Kodi galimoto yakale ya plug-in hybrid ingapirire kutentha kwa kuno ku Chigwa cha Shire?

Mphunzitsi wa ku Nchalo:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndapeza Mitsubishi Outlander PHEV ya 2015 yochokera ku Japan, ya mtundu wa plug-in hybrid (yoyendera petulo komanso magetsi otchaja pa soketi), ndipo chimene chandikopa n'choti maulendo anga a tsiku ndi tsiku ndi aafupi, moti ndingamayendere magetsi okha n'kupumako pamizere ya mafuta. Nkhawa yanga ili pa batire, poti kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 ngakhale kupitirira. Inu amene mumazidziwa, galimotozi zimavuta pati?

Makanika wa ku Ngabu:
Aphunzitsi, nkhawa yanu ndi yomveka. Batire ya galimoto imeneyo inkasunga magetsi okwana 12 kWh ili yatsopano, koma batire ya lithium imafooka zaka zikamapita, ndipo kutentha kumafulumizitsa kufookako, makamaka ikamakhala yodzaza galimoto itaima padzuwa tsiku lonse. Musakhutire ndi makilomita ochepa amene akuoneka pa dashibodi. Musanapereke ndalama, pemphani kuti alumikize makina oyezera galimoto kuti muone mphamvu imene yatsala m'batire, kenako muitchaje mpaka kudzaza ndipo muyende nayo nokha, muone kuti injini ilira mutayenda mtunda wotani.

Yesaninso AC, makina oziziritsa mpweya m'galimoto, bwinobwino. Anthu ambiri amaitenga ngati yongosangalatsa okwera, koma pa galimoto imeneyi ndi imene imathandiza kuziziritsa batire, choncho gasi akatha musazengereze. Ndikupempheninso kuti musalole aliyense kugwira zingwe za mtundu wa lalanje, chifukwa mumadutsa magetsi a mavoti pafupifupi 300, okwanira kupha munthu. Ineyo ntchito ya mbali imeneyo ndimaitumiza ku Blantyre.

Mayi a ku Bangula:
Bambo, ine ndili ndi galimoto yotchaja ya kampani ina ndipo ndayenda nayo zaka zitatu. Batire yaikulu sinandivutepo, koma yaing'ono ya mavoti 12 ija inandichititsa manyazi. Nditabwerako kumudzi komwe ndinakhala masabata atatu, ndinadina batani koma dashibodi inangoti zii, chonsecho batire yaikulu inali yodzaza. Popanda yaing'onoyo galimoto siyaka n'komwe.

Chingwe chotchajira chochokera ku Japan chimakhala cha mavoti 100 kapena 200, pamene magetsi athu ndi a 230, choncho munthu wodziwa za magetsi achione kaye pamodzi ndi soketi ya kunyumba kwanu. Mukumbukirenso mmene tinavutikira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Magetsi akasowa galimoto imayendabe ndi petulo, koma imakhala ikunyamula batire yolemera phindu lake lili lochepa.

Dalaivala wa ku Chikwawa:
Ndiwonjezereko ziwiri, aphunzitsi. Batire ya Outlander ili kunsi kwa galimoto, choncho nyengo ya madzi osefukira musayese kuwoloka nayo pamene madzi akwera, ndipo pogula gwadani muyang'ane kunsiko ngati kuli dzimbiri kapena pophwanyika. Chachiwiri, pochokera ku Blantyre musayambe kutsika phiri la ku Thabwa batire ili yodzaza, chifukwa mota ya magetsi, imene imathandiza kugwira galimoto potchaja batire, sithandiza mokwanira ikasowa kosungira magetsiwo, ndipo katundu wambiri amagwera mabuleki.

Mphunzitsi wa ku Nchalo:
Zikomo kwambiri nonsenu. Ndawaimbira ogulitsa ndipo avomera kuti Loweruka tiyeze batire ine ndilipo.