Akufuna kuwachotsa thymus achemwali anga, kodi chitetezo cha m'thupi sichitha?

Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni nzeru. Achemwali anga ali ndi zaka 29, amagulitsa usipa pamsika wa pa boma kuno ku Mangochi. Chaka chatha zikope zinayamba kugwa. M'mawa ali bwinobwino, koma ikamati 4 koloko diso lamanzere latsinzina lokha, ndipo usiku amachita kugwira chibwano ndi dzanja kuti amalize kutafuna ndiwo. Kumudzi ankati awalodza. Ku Queens anapeza kuti ndi myasthenia gravis, matenda ofooketsa minofu, akumwa pyridostigmine ndi prednisolone. Tsopano adokotala akuti awachite opaleshoni yochotsa thymus, kachiwalo kokhala kuseri kwa fupa la pachifuwa. Ndamva kuti m'menemo ndi momwe asilikali a m'thupi otchedwa T cell amakhwimira. Ndiye akakachotsa, munthu sakhala wodwaladwala? Amayi akukaniratu.

Namwino wa ku Zomba: Achimwene, mantha anuwo ndi omveka. Koma thymus imagwira ntchito kwambiri paubwana; munthu akatha msinkhu imayamba kufota n'kumasanduka mafuta, ndipo ma T cell omwe inapanga kale amakhalabe m'magazi. Pa matendawa, mwa odwala ambiri m'kachiwaloka mumasonkhana asilikali ena a m'thupi otchedwa B cell, opanga ma antibody (tizida tolimbana ndi matenda) omwe molakwitsa amatseka pomwe uthenga wa mtsempha umafikira mnofu. N'chifukwa chake mnofu umatopa msanga. Kafukufuku wa 2016 wa odwala 126 anaonetsa kuti patatha zaka zitatu, ochotsedwa thymus anali ndi mphamvu zambiri ndipo ankamwa prednisone (wofanana ndi prednisolone) wochepa poyerekeza ndi omwa mankhwala okha. Musayembekeze kuti adzuka atachira ayi. Maselo ena opanga ma antibody amabisala m'mafupa, kusintha kumatenga miyezi, mwina zaka. Mankhwala asasiye.

Mayi wa ku Namwera: Kutentha kwa kwathu kunoko kumawonjezeranso kufookako, Okutobala asamakhale padzuwa tsiku lonse. Malungo akawagwira muziwauziratu achipatala za matendawa, quinine sagwirizana nawo.

Namwino wa ku Zomba: Zoona, ngakhalenso mankhwala opha mabakiteriya a cipro ndi gentamicin. Mufunsenso ngati sikani ya pachifuwa inaonetsa chotupa pa thymus. Ngati chilipo, opaleshoni si yochita kusankhanso.

Wofunsa: Za chotupa sanatiuze, kapena ndife sitinamve bwino. Lachinayi tibwererako, ndipo amayi ndiwatenga akamve okha.