Kodi "kupatsa n'kuika" ungagwire pa boma?

Wofunsa, Chipoka

Akuluakulu ndithandizeni. Nkhani ya feteleza wotsika mtengo ikabuka, ena akumati boma lisamawiringule ndi ndalama zomwe zikulowa kumeneko poti kupatsa n'kuika. Ena akuti kumeneko n'kupotoza mwambi. Makolo ankatanthauzanji, kuikako n'kuika kuti? Nanga mwambiwu ndi wa pakati pa anansi okhaokha, kapena umafika mpaka ku boma?

Mphunzitsi wa Chichewa, Nkhotakota

Achimwene, kuika kwa m'mwambimu ndi kuja timachita poikiza mbuzi kwa mnansi: chinthu chachoka pakhomo pako koma sichinatayike. Dengu la makaka lomwe wapatsa mnzako chaka cha njala udzalipeza kwa iye chaka chomwe njala yagwa kwanu.

Si ngongole, chifukwa palibe tsiku lobweza ndipo sawerenga madengu. Si katapilanso, palibe chiwongoladzanja. Chomwe chinkamanga anthu ndi manyazi, poti mudzi suiwala yemwe anathandizidwa n'kudzamana anzake. Komanso njala sinkagwa paliponse nthawi imodzi. Ng'amba ikapha chimanga kumtunda, anthu ankatsikira kunyanja kukasuma chinangwa. Chinangwa chikaola ndi madzi osefukira, akunyanja ankakwera. Wopatsa lero ankadziwa kuti mawa wosuma ndi iyeyo. Boma silidzabwera pakhomo panu ndi dengu kudzasuma, choncho ine ndimaona kuti mwambiwu ukafika ku Capital Hill umatsimphina.

Mlangizi wa zaulimi, Khombedza

Aphunzitsi, pang'ono ndisiyane nanu. Boma limabwezeredwa ndithu, kungoti njira yake ndi ina: chimanga chikachuluka mtengo umatsika, ndipo ndalama zakunja zokagulira chakudya zimapulumuka. Funso n'lakuti feteleza waikidwa m'nthaka pa nthawi yake kapena ayi.

Matumba awiri a makilogalamu 50, lina la wokulitsa (NPK 23:21:0+4S) lina la wobereketsa (urea), omwe anthu anayamba kugula motchipa ndi makuponi a boma m'nyengo ya 2005/06, amakwana munda wa pafupifupi ekala imodzi, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Wokulitsa ayenera kulowa pobzala kapena pasanathe sabata chimanga chitamera, chifukwa phosphorus, chakudya cha mbewu chomwe chili m'fetelezayu, amagwira ntchito mizu ikamayamba. Wobereketsa amatsatira pakatha masabata atatu kapena anayi, kukumba kadzenje pambali pa phesi n'kukwirira. Mukangomwaza pamwamba ndi kutentha kwa kuno, mphamvu yake imauluka. M'minda ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja, mvula yamphamvu imamutsitsa pansi pomwe mizu siifika.

Ndiye thumba la wokulitsa likafika kudepoti mu Januwale chimanga chili m'mawondo, ndalama ya boma yatuluka yofanana koma zokolola sizibwera. Chimodzimodzi matumba awiri akagawanidwa mabanja anayi, kapena mlimi akagulitsa feteleza wake kwa venda chifukwa m'nyumba mulibe ufa. Pamenepo boma lapatsa, koma silinaike.

Wophunzitsa mbiri, Salima

Alangizi mwalasa, koma tibwerere m'mbuyo tione kuti wopatsa anali ndani. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, mlimi wa thonje ndi mpunga wa kunyanja kuno analibe kwina kogulitsa. Bungweli linkagula motsika n'kukagulitsa kunja mokwera, ndipo phindu lambiri linkalowa m'maesiteti a fodya ndi m'makampani. Apa wopatsa anali mlimi wamng'ono. Zina zinamubwerera, monga misika ya pafupi ndi chimanga cha mtengo umodzi dziko lonse, koma zambiri zinaikidwa komwe iye sakanazifikira. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu, misika ina ya kumidzi n'kutsekedwa.

Mkangano womwe uli pansi pa zonsezi ndi wakale. Adam Smith, katswiri wa zachuma wa ku Scotland, mu 1776 ankati njira yabwino yopewera njala ndi kusiya amalonda agule ndi kusunga mbewu momasuka, chifukwa mtengo ukakwera umaitana chakudya kuchokera kwina. Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India, atafufuza njala ya 1943 ya m'chigawo cha Bengal, anasonyeza kuti anthu amatha kufa chakudya chili pamsika, ngati alibe chogulira. Athu a uMunthu amati yemwe ali nacho ali ndi udindo pa yemwe alibe. Mwambi wathu uli pakati: umavomereza kupatsa, koma sunena kuti wopatsa asayembekezere kanthu.

Pomwe ndimaona kuti mwambiwu umagwira bwino pa boma ndi pa nkhokwe. Boma likagula chimanga nthawi yokolola mtengo uli pansi, lapatsa mlimi msika. Likachisunga m'nkhokwe za ku Kanengo ku Lilongwe n'kudzachitulutsa mu Febuluwale, lapeza chomwe linaika. Onani zomwe zinachitika litapanda kutero. NFRA, nthambi ya boma yosunga chakudya cha dziko, inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo inali ndi chimanga choposa matani 160,000 chomwe inagula ndi ngongole ya kubanki. Bungwe la IMF, lomwe limabwereketsa ndalama ku maiko, linalangiza kuti chichepetsedwe kufika matani 60,000 kuti ngongoleyo ibwezedwe, koma chinagulitsidwa pafupifupi chonse. Zokolola za 2001 zinatsika chifukwa cha mvula yosefukira, boma linadalira ziwerengero zokokomeza za chinangwa ndi mbatata, ndipo chimanga chomwe linaitanitsa ku South Africa chinachedwa panjira. Mtengo unakwera kangapo m'miyezi yochepa. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za ngozi ya njala mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa, ndipo Salima ndi limodzi mwa maboma omwe anakhudzidwa kwambiri.

Wofunsa, Chipoka

Zikomo bambo. Ndiye kulakwa kunali kugulitsako? Bwenzi atangochisiya m'nkhokwe osachikhudza?

Woyang'anira nyumba yosungira mbewu, Salima

Ayi achimwene, chimanga sichikhala chikhalire. Chimayenera kulowa chitauma, chinyezi chisapitirire 13 peresenti, apo ayi chimachita chuku ndipo chimatentha chokha mkati mwa mulu. Matumba amasanjidwa pa mapaleti, osagunda khoma, kusiya mpata woti munthu adutse poyendera. Anankafumbwe salephera kulowa, ndiye pamafunika kufukiza mankhwala pansi pa matenti otseka bwino kwa masiku osachepera asanu, n'kubwerezanso pakapita miyezi. Tenti ikakhala yobooka mpweya wa mankhwala umathawa, tizilombo tina timapulumuka, ndipo timene tapulumukato timabereka tosamva mankhwala. Zonsezi ndi ndalama, ndipo chimanga chikagonera zaka chimachepa kulemera ndi kukoma komwe.

N'chifukwa chake nkhokwe ya dziko imayenera kuzungulira: chakale chituluke, chatsopano chilowe. Kugulitsa pakokha si mlandu. Chinalakwika mu 2001 n'chakuti anatulutsa asanadziwe kuti zokolola zikubwera zotani, sanagule china cholowa m'malo, ndipo ena omwe anachigula motchipa anadzachigulitsa mokwera njala itafika pachimake.

Mphunzitsi wa Chichewa, Nkhotakota

Pa za nkhokwe ndavomera, bambo. Pa makuponi ndikadali ndi mawu. Kuno ambiri nsima yathu ndi kondowole, ndipo ndalama imachokera ku mpunga wa ku Bua ndi usipa. Thumba la feteleza wa chimanga kwa munthu wa chinangwa limathera kwa venda basi. Alangizi, kodi mbewu ya chinangwa yopirira matenda, kapena kukonza ngalande za m'masikimu a mpunga, sizingabweze zambiri kuposa thumbalo?

Mlangizi wa zaulimi, Khombedza

Kwa a kunyanja zingabweze, aphunzitsi. Ngalande yokonzedwa bwino imalola kulima kawiri pachaka ndipo imatumikira zaka zambiri, pomwe thumba limatha nyengo imodzi. Vuto lake ngalande siigawika pamsonkhano, ndipo imafuna komiti ya alimi yotolera ndalama zokonzetsera chaka ndi chaka. Komitiyo ikafooka, mchenga umadzaza ngalande ndipo a kumapeto kwa sikimu madzi sawaona.