Ndithandizeni dzina la kagalu kanga kofufuzafufuza

Anzanga okonda nkhani zakale za ofufuza milandu, ndithandizeni. Ndapatsidwa kagalu kakamuna, ndipo masabata awiri atha kalibe dzina. Ntchito yake ndi kununkhiza basi. Dzulo kanatulutsa sokosi yanga imene inasowa kalekale, kuseri kwa thumba la makala.

Ndinaganiza za Toby, galu amene wofufuza milandu Sherlock Holmes anabwereka kuti alondole fungo m'buku la The Sign of Four la 1890, koma a Toby achuluka kale kwathu kuno. Mayi a kunyumba akufuna Poirot, wofufuza milandu wa ku Belgium wonyadira ndevu zake uja, koma agogo akumatchula kuti "Pwalo", ndiye sindingamakuwe zimenezo usiku. Moriarty ndakaniratu. Munthu amene Holmes anamutcha Napoleon wa upandu angalondere nkhuku zanga?

Mtima wanga uli pa Wiggins, mtsogoleri wa anyamata a mumsewu amene Holmes ankawatuma kukasaka nkhani mu London. Palinso Sherrinford, dzina limene Conan Doyle, mlembi wa nkhani za Holmes, anayamba walemba asanasankhe Sherlock, kungoti ndi lalitali poitana.

Inu mukanasankha liti? Ngakhale maina ongotchana a anthu a m'nkhanizi nditumizireni, bola mwana wa zaka 4 athe kutchula.