Mwambi wa ng'oma yolilitsa uja, tanthauzo lake lenileni ndi chani?

Abale inu odziwa Chichewa cha makolo tandithandizeni. "Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika." Ine ndakula ndikudziwa kuti ndi chenjezo kwa munthu odzimva, koma pano ndayamba kukaika. Mwana wa achemwali anga amaimba bwino zedi, kukwaya ndi amene amayambitsa nyimbo, ndiye mayi ena akumpingo anamuponyera mwambi umenewu potuluka mtchalitchi, basi mwana uja pano akumaima mzere wakumbuyo akuti sakufuna azioneka ngati odzikweza. Ndiye ndikufunsa, mwambiwu ukudzudzula ng'oma kapena oyimba ng'omayo? Paja ng'oma siidziimba yokha. Nanga ife akhristu tiziphunzitsa ana kudziderera poopa kung'ambika?

Yankho:
Mwafunsa bwino achimwene. Amene tinakulira kumudzi tikudziwa, ng'oma ikafooka amaiwamba pamoto chikopa chija chikungike, ena amamata phula pakati kuti mawu azituluka bwino. Tsono yomveka bwinoyo ndi imene aliyense amaifuna, kuchinamwali yomweyo, kuchimtali yomweyo, usiku onse manja ali pa iyo pamene zosalira zija zili phee pakhonde. Kwathu akuluakulu amaunenanso mwambiwu akaona munthu waluso akumutuma chilichonse osamupumitsa. Ndiye mayi ajawo anangotola mbali imodzi.

Yankho:
Ayi tisaupotoze, mwambiwu ndi wa matama basi. Munthu ongotchuka lero mawa wayamba kuyenda mapewa mmwamba, kugwa kwake sikuchedwa. Baibulo likugwirizana nawo, Miyambo 16:18 ikuti kunyada kumatsogolera chionongeko, 27:2 ikuti akutame ndi wina osati pakamwa pako. Ana amasiku ano pa TikTok angofuna ma like, kuwachenjeza sikulakwa.

Yankho:
Zamatamazo nzoona bambo, koma mwanayu wadzitama pati? Kuyambitsa nyimbo ndi matama? Aroma 12:3 Paulo akuti munthu asadziyese koposa mmene ayenera kudziyesa, sananene kuti udziyese chabechabe ayi, akuti udziyese pa muyeso oyenera. Vuto lathu mmipingomu timasakaniza kudzichepetsa ndi kudziona ngati ulibe ntchito, mpaka munthu ukamuyamikira kuti mwaimba bwino amayankha ngati wapalamula, "aaa ife ndife ndani".

Taonani nkhani ya mpheta. Mateyu 10:29 akuti ziwiri zimagulidwa kakobiri kamodzi, Luka 12:6 akuti zisanu timakobiri tiwiri, werengani bwino muona kuti yachisanuyo ndi ya basela, ogulitsa anangoponyerapo, koma Yesu akuti ngakhale imodzi Mulungu saiyiwala, ndipo inu mumaposa mpheta zambiri. Mtengo wa munthu unayikidwa kale pa Genesis 1:27 asanaimbe nyimbo ndi imodzi yomwe, sukwera anthu akaomba mmanja, sutsika mayi wina akalankhula zake. Komanso kapolo anakwirira talente uja pa Mateyu 25 mbuye wake sanamutche odzichepetsa, anamutcha oipa ndi waulesi, ndipo iye mwini ananena kuti chinamuchititsa kukwirira ndi mantha.

Yankho:
Zikomo nonse. Bambo a Miyambo aja ndakumvani, ndipo mwana akayamba kudzimva ine malume ake ndikhala oyamba kumukhazika pansi. Koma chikundivutabe ndi ichi, mwambiwu ndimaumva kwambiri ukunenedwa kwa atsikana ndi achinyamata, sindinamvepo wina akuwuponyera mlaliki okuwa pa sipika mpaka ana kudzuka. Alipo anamvapo agogo awo akuunena poyamikira kapena pomumvera chisoni munthu, osati pomutseka pakamwa? Makamaka a ku Dedza, Ntchisi ndi Kasungu, kwanuko mumaunena nthawi yanji?