Ndani amatsuka matepi a VHS ogwidwa chuku kuno ku Joni?

Akuluakulu, pali tepi ya Concert in the Park, phwando la nyimbo la ku bwalo la Ellis Park mu 1985 losonkhetsera ndalama bungwe lolimbana ndi njala la Operation Hunger, lija anaimbako a Juluka. Vuto ndi chuku: m'mbali mwa riboni mwayera ngati mwawazidwa ufa. Mukaiika mu deki (makina oonetsera matepi) chomwecho, chukucho chimamata pa ma head (timitu towerenga tepi), chithunzi n'kungokhala mizeremizere, ndipo matepi olowa pambuyo pake amatengera.

Alipo amene amatsuka kaye asanakopere pa kompyuta, cha ku Mayfair kapena Rosettenville? Akhale ndi deki ya PAL (mtundu wa vidiyo wa kuno) ndi TBC (kachipangizo kokhazikitsa chithunzi kuti chisamagwedezeke). Tizipangizo totchipa ta USB tokoperera matepi tija ayi, tepi ikafika pakati mawu amatsogola, milomo n'kutsalira. Nanga ya maola atatu amatchaja zingati?